Chidindo cha Kudzanja Lamanzere

3 Malichi

Kwa iwe mzime wanga wa pasitima,

Ndine bambo ako. Akulemba ndi mwana wako wamkazi, Mlembi wanga, ndipo ndamuuza kuti alembe momwe ndikuyankhuliramu, osakongoletsa. Ine ndili bwino, kupatula bondoli. Kaya iwe kumadziko?

Ndiyambe ndi kutchula ana anga monga ndimachitira, kuti usaiwale komwe unachokera. Ine sukulu ndinangoinunkhiza. Moyo wanga wonse ndakhala pakhonde la sitolo ya zitsulo, kusoka nsapato za anthu. Koma ndinabereka. Chisamba wanga, mlongo wako, ndi kalaliki wa kukhoti, ndipo oweruza sayamba mlandu iye asanakhale pansi. Wachiwiri, mkulu wako, ali ndi galaja yakeyake, chikwangwani chake choyaka magetsi. Wachitatu ndi iwe, amene umathira oyilo mu injini ya sitima yaikulu kuposa msika wathu. Anthu akandifunsa ndimati ndiwe kaputeni. Usadzanditsutse ukabwera.

Tsopano nkhani. Mkazi wako wachira. Mwana wamwamuna, wonenepa, wamawu. Chibadwire Mlembi kunali zii zaka zonsezi, ndiye tikumutcha Bwana Mochedwa mpaka udzabwere ndi dzina.

Ukudziwa kuti ife timabadwa ndi kachala kowonjezera, kolendewera pambali pa chala chaching'ono cha kumanzere. Timakamanga ndi ulusi, kamauma, kamagwa, pamatsala kachipsera. Ndicho chidindo chathu. Bambo anga anali nacho. Ine ndili nacho. Nonse atatu muli nacho. Iwe ndi mkulu wako ndinakumangani ndekha, mlongo wako anamumanga malemu amayi ako chifukwa ine ndinali ku ulendo wogula zikopa. Ana awiri a mkulu wako ali nacho, Mlembi ali nacho. Ana a mlongo wako okha ndiwo alibe, koma amenewo ndi magazi a bambo awo, sindiwawerengera.

Ndiye ndinapita kuchipatala ulusi wanga uli m'thumba, nditauwiritsa bwinobwino. Ndavundukula kansalu kumanzere: zala zisanu. Ndayang'ana kumanja: zisanu. Ulusi ndinabwerera nawo.

Pali china. Kusukulu Mlembi akuphunzira za chibadwa, chifukwa chake anthu amasiyana, ena akuda bii, ena oyera, ena aatali ngati mitengo ya magetsi. Aphunzitsi awo akuti anthu onse padziko ndi banja limodzi lomwe linamwazikana kalekale, n'kumasintha pang'onopang'ono malinga ndi dzuwa ndi zakudya za komwe linafika. Anayambanso za anyani, koma pamenepo ndinamuuza kuti adumphe. Anawatuma kuti aliyense afufuze chinthu chimodzi choyenda m'banja mwawo. Iye anasankha chidindo chathu, n'kukhoza kuposa onse. Akuti m'thupi muli timbewu tosaoneka tochokera kwa makolo, tina tamphamvu, tina tofooka, ndipo ka kachala kathu ndi kamphamvu. Nthawi imeneyo mayi ake anali adakali oyembekezera. Ndinamufunsa kuti, "Kamphamvuko kangalephere kutuluka?" Iye anati, "Agogo, champhamvu chimapambana nthawi zonse. Ndi momwe zamoyo zonse zafikira pano." Ndinamufunsanso, anayankha chimodzimodzi.

Apa Mlembi waima, akuti cholembera chatha inki. Sichinathe. Lemba, iwe.

Undiuze mwezi umene unachoka kuno utatha tchuthi chako. Ndikungofuna kudziwa basi. Ukapeza magalasi a maso abwino undigulire, pa singano sindikuonapo.

Bambo ako.

Adadi, ndine. Mwanayo ndi wokongola, mphuno ndi yanu ndithu. Za timbewuzo mutu wake sitinamalize, aphunzitsi adwala. Musaiwale kakyuleta ya mayeso.

19 Malichi

Ababa,

Moni wochokera pakati pa madzi. Ndili bwino, ndanenepa, ovolosi ikukana kutseka.

Sitima yaima padoko pang'ono chabe. Makalata athu sanafike, akampani akuti tikawapeza kudoko lina, ndiye ngati munalemba sindinaone. Koma ndinaimba foni kunyumba, ndipo ndamumva! Ababa, mawuwo si a khanda, ndi hutala ya sitima. Anzanga andithira ndowa ya madzi kumutu, ine ndagulira sitima yonse maswiti. Munthu wamkulu ndalira pamaso pa anthu, osachita manyazi.

Mayi a Mlembi anayamba kunena kanthu kena kokhudza dzanja la mwana, koma foni inaduka. Ndikudziwa kuti ndi za kachala. Ababa, mumange ndinu. Musalole kuti achipatala adule ndi sizasi ngati akudula nsalu. Kakagwa mundisungire m'kabotolo monga tinachitira ndi ka Mlembi.

Kuno kuli anthu a mitundu yonse. Wophika wathu maso ake ndi obiriwira ngati botolo. Wina wa kuzingwe akamwa mkaka m'mimba mumalira ngati injini, akuti kwawo onse ndi choncho. Tikakhala pachakudya amandigwira dzanja kuti aone chipsera, ine n'kumawauza kuti kwathu sitisowa chiphaso, timabadwa odindadinda.

Mumuuze Mlembi kuti kakyuleta ndaikumbuka ndekha asanapemphe. Mumusamale mkazi wanga, Ababa. Wandichotsa manyazi.

Mwana wanu.

12 Epulo

Iwe mzime,

Ukuona kuti zilembo zasintha. Akulemba ndi a Ometa, a pafupi ndi mpope aja. Mlembi wakana. Nditayamba kumuuza mawu, anaika cholembera pansi n'kunena kuti dzanja lake silingalembe zimenezo za mayi ake. Mwana amene ndinamusokera nsapato zake zoyamba, lero kundiikira cholembera pansi! A Ometa ndawalumbiritsa kuti izi zithera m'chipinda chino. Tadikira kuti makasitomala achoke. Watsala mmodzi yekha, koma ali m'tulo pampando, thovu lili kumaso.

Kalata yako ya maswiti ndalandira. Kabotolo ndatsuka. Kali pawindo, mulibe kanthu. Mwanayo alibe kachala. Palibe chomanga.

Ndiyankhule mosamala, chifukwa ine sindinama. Ndi maso angawa sindinaone kanthu. Chomwe ndikudziwa ndi ichi. Mkazi wako amasoka mayunifomu a sukulu, ndipo nsalu zake amabweretsa ndi mwamuna wina wa panjinga yamoto. Kutsitsa mpukutu wa nsalu ndi ntchito ya kanthawi kochepa, koma iye amakhala mpaka injini ya njinga kuzizira. Amamwa tiyi m'kapu yako ija yothyoka chogwirira. Amaseka mokweza m'nyumba ya mwini. Sabata yatha ndinamupatsa moni wa manja onse awiri, dala. Manja ake ndi osalala.

Kale ndikanati mwina ndi maganizo a nkhalamba yosowa chochita. Koma pano si ine ndanena. Yanena ndi sukulu, buku lenileni, ndipo mwana wako yemwe anakhoza nazo kuposa onse. Champhamvu chimapambana nthawi zonse. Ngati kambewu kako kanalowa mwa mwanayu, kali kuti?

Mwanayo sindinamunyamule. Tsiku lina mkazi wako anabwera naye pabenchi langa, n'kugwada, n'kunena kuti, "Ababa, mwanayu wakulakwirani chiyani?" Ndinati manja anga ali ndi guluu. Anayang'ana manja anga, anayang'ana kabotolo kali pawindo, n'kunyamuka ndi mwana wake. Masiku ano chakudya ndikugula kumsika, ndikudyera pantchito.

Sindikukuuza chochita. Nyumba ndi yako. Koma geti la nyumbayi ndinalikhoma ndine, ndipo dzina lomwe mwanayo adzatenge ndi langa. Sindinasoke nsapato zonunkha za dziko lonse kuti dzina langa lidzavalidwe ndi phazi lachilendo.

Yankha msanga.

Bambo ako.

Ine wometa ndangobwereketsa dzanja, mawu onse ndi a madala. Koma achimwene, limbani mtima. Mukabwera mudzadutse ndikuchepetseni tsitsi la panyanjalo.

6 Meyi

Adadi,

Muli bwanji? Ndikupempha kuti kalata iyi muiwerenge isanafike ina iliyonse, ngakhale ndikudziwa kuti za agogo zinanyamuka kale.

Ndinalakwitsa, Adadi. Aphunzitsi achira, ndipo tamaliza mutu uja. Ine ndinasakaniza zinthu ziwiri. Ndinamva kuti zamoyo zopirira ndizo zimatsala, ndinamvanso kuti pali timbewu tamphamvu, ndiye ndinaphatikiza n'kumayesa kuti kambewu kamphamvu kamapita kwa mwana aliyense. Si choncho. Munthu amakhala ndi timbewu tiwiri pa chinthu chimodzi, kena ka bambo, kena ka mayi. Inu muli ndi ka kachala kochokera kwa agogo aamuna, ndi kopanda kachala kochokera kwa malemu agogo aakazi. Mwana mumamupatsa kamodzi kokha, ndipo simusankha. Zili ngati kuponya chitsekero cha botolo m'mwamba: chigwa chagada kapena chafufumimba. Ine chinandigwera uku, mlongo wangayu chamugwera uko. Mphamvu yake ndi yoti kakakhalapo nthawi zambiri kamaonekera, osati kuti kamapita kwa onse. Theka la kalasi tinamva molakwika chimodzimodzi. Aphunzitsi anaseka, anati chaka chilichonse ana amagwera pomwepo. Anzanga anafufuta m'makope mwawo n'kupita kokasewera mpira. Ine ndifufuta pati?

Ndinapita kwa agogo ndi chitsekero. Anamvetsera mpaka kumapeto, akumenya msomali pachidendene cha nsapato. Kenako anati, "Ana anga atatu, adzukulu atatu, onse chinagwa mbali imodzi. Lero lokha ndiye chatembenuka? Poyamba unanena zoona chifukwa sunadziwe kuti zikhudza mayi ako. Pano ukunena zoti uwapulumutse." Chitsekero ndinachisiya pabenchi pawo n'kuchoka. Aphunzitsi akuti zimatheka, koma agogo akuti aphunzitsi odwaladwala amasinthanso mawu.

Adadi, msewu wonse ukudziwa. Uja anali m'tulo kwa a Ometa sanali m'tulo. Kumpope azimayi amasiya kuyankhula amayi akafika. Ena abwera kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe. Bambo a nsalu aja asiya kubwera, akuti sakufuna mavuto, ndiye anthu akuti mwaona, wathawa. Anyamata a pasiteji akandiona amatukula dzanja n'kumawerenga zala mokweza.

Amayi sakulira, ndipo ndicho chikundiopsa. Amakhala pamakina osapalasa, mwana ali pamiyendo, n'kumasisita pambali pa kadzanja kake ndi chala chawo chachikulu, ngati akufunafuna kanthu pansi pa khungu. Dzulo anandiitana kuti, "Tabwera, ndione dzanja lako." Analiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti, "Kodi unalira kwambiri tsiku lija? Ine ndaiwala."

Chonde imbani foni. Kakyuleta isiyeni.

Mwana wanu.

21 Meyi

Ababa,

Makalata anu awiri ndawapeza pamodzi kudoko lino. Ndawerenga yoyamba, ndawerenga yachiwiri. Palibenso ina.

Ndinachoka kumeneko mwezi wa Juni. Miyezi ikukwana, koma miyezi imakwanira aliyense.

Ndapempha kutsika. Akuti ndikatsika pano ntchito yatha, ndavomera. Kabokosi ka zovala za mwana kamene ndinagula ndakasiyira wophika. Foni ndazimitsa, sindikufuna kumva mawu a munthu ndisanaone ndi maso anga. Ndifika Loweruka, pa 14 Juni, ndi basi ya masana.

Mkazi wanga musamuuze. Asachoke. Wa njinga yamotoyo mundifufuzire komwe amakhala.

Mwana wanu.

29 Meyi

Azakhali,

Moni. Pepani kuti sindifunsa zambiri za kumeneko. Zomwe zikuchitika kuno ndinakuuzani kale pafoni, inu munati agogo akwiya pang'ono, ziwatha. Sizinathe. Pafoni agogo amakhala pafupi, ndiye ndalemba.

Adadi akubwera pa 14. Kalata yanga sanailandire. Imene adadi analemba agogo anakaiwerengetsa kwa a Ometa, ndiye pofika madzulo ngakhale ogulitsa makala ankadziwa tsiku ndi basi yake. Amayi anamva kumpope.

Lolemba nditaweruka kusukulu ndinapeza makina ovundikira, chitseko cha kuchipinda chotseka, mwana akulira kulira kwina komwe sindinakumvepo. M'dengu la zidutswa za nsalu munali kansalu koyera ka kolala kali magazi, ndi lezala ija amatungulira nayo ulusi. Amayi anatuluka mwana ali kumanja, kadzanja kamanzere kali komanga. Anapita molunjika pabenchi la agogo. Anati, "Ababa, kanali pansi pa khungu. Katuluka mochedwa ngati mwini wake. Ndakachotsa."

Azakhali, agogo anapukuta manja pa epuloni n'kumunyamula. Koyamba chibadwire. Anamutcha "bambo anga". Anafunsa kuti kachalako kali kuti kuti akaike m'botolo, amayi anati kagwera m'ngalande. Sindikudziwa ngati akhulupiriradi kapena akungofuna kukhulupirira. Dzulo adya chakudya cha m'nyumba.

Koma mwana watentha thupi. Kadzanja katupa mpaka pachigongono, ndipo sakuyamwa. Amayi akukana kupita kuchipatala, akuti akafunsidwa kuti wamucheka ndani. Ndikanena zoona kwa agogo, amayi atha. Ndikakhala chete, mwana atha. Zonsezi ndinayambitsa ndi ine ndi homuweki yanga.

Inu mumaona milandu tsiku ndi tsiku. Ndiuzeni chochita.

Mwana wa mlongo wanu.

2 Juni

Ababa,

Moni. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa basi ya m'mawa kuti ifike lero. Akuwerengereni Mlembi, osati wometa uja. Ndipo musanayambe kumva, tumani galimoto ya kugalaja itenge mwanayo kupita kuchipatala. Zinazo zidikira, iye sadikira.

Tsopano khalani pansi.

Ine ndine chisamba wanu. Mumauza anthu kuti ndinatenga mutu wanu wouma, masaya anu, ngakhale kayendedwe. Ababa, ine ndinabadwa ndi zala zisanu.

Amayi anandiuza tsiku lomwe ndinabereka mwana wanga woyamba. Nditaona kuti alibe kachala ndinayamba kumuwerenga zala mobwerezabwereza, ndiye anatseka chitseko n'kunditenga dzanja. Anati pamene ine ndinabadwa inu munali kogula zikopa, koma musananyamuke munawasiyira ulusi, n'kunena moseka kuti, "Akabadwa wopanda chidindo, ukam'bweze komwe wamutenga." Inu munkaseka. Iwo anali mtsikana wamng'ono, m'nyumba ya eni, ndipo sanaseke. Anatenga lezala ndi singano yotentha. Anati ndinadwala sabata yathunthu, ndipo ankapemphera kuti ndikafa, ndife inu musanabwere. Munabwera, munaona kansalu padzanja, munandinyamula n'kuvina nane pakhonde.

Mukandiona mudzayang'ane. Zipsera za azichimwene anga ndi zozungulira ngati kanjere. Changa ndi kamzere kowongoka. Zaka zonsezi mwakhala mukundigwira dzanja limeneli popemphera, osaona. Ana anga alibe kachala chifukwa ine ndinalibe choti ndiwapatse.

Amayi anandilumbiritsa kuti ndisadzanene inu muli moyo. Ndakhala chete miyezi itatu iyi ndikuyesa kuti mtima wanu utsika wokha. Ndinachedwa, ndipo mlamu wanga wachita zomwe anachita amayi, m'nyumba yomweyo, chifukwa cha munthu yemweyo. Palibe anamuphunzitsa. Mwana uja kachala analibe, ndipo mukudziwa.

Ndiye sankhani, Ababa. Ngati mwana wopanda chidindo ndi wa mwamuna wina, ndiye kuti amayi, amene chithunzi chawo mumachipukuta Lamulungu lililonse, anakuyendani njomba, ndipo ine si wanu. Muchotse dzina langa pa ana amene mumawatchula kwa anthu. Ngati ine ndine wanu, ndiye kuti Mochedwa ndi wanunso. Ine ndi lamulo lanu la chidindo, zonse ziwiri simungazisunge.

Ndine yemwe mudzanene kuti ndine.

8 Juni

Kwa ana anga nonse,

Ndine bambo anu. Akulemba ndi Mlembi, wabwerera pantchito. Alemba makalata atatu ofanana. Ya mzime ndikaisiya kwa wogulitsa matikiti kudepoti, ndi chithunzi chake, kuti akangotsika amupatse m'manja. Kaya aiwerenga, kaya aiponya m'thumba, sindikudziwa.

Ndiyambe monga mwa nthawi zonse. Chisamba wanga, kalaliki wa kukhoti. Ndabwereza: chisamba wanga. Mlembi, pamenepo udule mzere kunsi. Wachiwiri, mwini galaja, amene galimoto yake inafika pakhomo ndisanamalize kuvala nsapato. Wachitatu, mzime, amene anali kaputeni. Adzukulu onse, a mkulu ndi a mlongo, ndikuwawerengera. Mlembi, amene analakwitsa funso limodzi n'kulikonza yekha. Ndi Bwana Mochedwa, amene sanachite kanthu padziko pano koma kulira.

Kalata ya mlongo wanu anandiwerengera Mlembi. Pakati anaima, ndinati pitiriza. Atamaliza ndinalowa kuchipinda n'kuyang'ana chithunzi cha amayi anu. Mkazi ameneyu ndinakhala naye mpaka kumuika m'manda. Sankatha kubisa ngakhale shuga. Pa magazi sanandinamize. Anandinamiza pa chala, ndipo lezala anaigwira ndi iye, koma amene anainola mukumudziwa. Kenako ndinakhala pabenchi ndi chitsekero cha Mlembi, kuponya, kutola, kuponya, mpaka mwini sitolo anabwera kudzafunsa ngati mutu wanga uli bwino. Chimagwa momwe chafunira. Nthawi zina chimagwa mbali imodzi kambirimbiri, munthu n'kuyamba kuyesa kuti ndi lamulo.

Mwana ali m'chipatala, chipinda cha ana, bedi la pafupi ndi zenera. Amubaya singano pamutu chifukwa m'manja misempha sikuoneka. Kutentha kumatsika m'mawa n'kubwerera masana. Adokotala akuti kadzanja mwina kapulumuka, koma "mwina" ameneyo amamunena akuyang'ana pansi. Mayi ake sanachoke pambali pa bedi, ndipo ine sakundiyang'ana. Sindikumukakamiza.

Adokotala anafunsa kuti wacheka mwanayu ndani. Anafunsa mokalipa, anamwino ataimirira. Mpongozi wanga anatsegula pakamwa, ine ndinayankha msanga. Ndinati ndine, ndi mpeni wanga wodulira zikopa, chifukwa ndine nkhalamba yosaphunzira. Analemba. Akuti nkhani zotere amazipereka kwa apolisi, ndipo adzandiitana. Chisamba, usayambe kuthamangathamanga ndi mapepala ako. Ndanena, ndanena. Aliyense wa inu akafunsidwa ayankhe chomwecho. Ine ndinati sindinama, ndipo ndikaganiza bwino, apanso sindinaname kwenikweni.

Kwa a Ometa ndinapita dzulo, anthu atadzaza, ndinaima pakhomo n'kunena kuti mwana ndi wathu, amene ali ndi funso abwere pabenchi langa. A Ometa anangopitiriza kumeta. Koma nkhani yoipa inayenda pa njinga yamoto, iyi ikuyenda ndi bondo langa.

Tsopano iwe mzime. Foni yako ndi yozimitsa, ndipo m'mutu mwako muli mawu anga a mwezi wa Epulo. Ndimakudziwa ukakhala chete. Unali choncho kuyambira uli mwana: sunkalira, unkangotola mwala. Komwe amakhala wa nsalu uja sindinafufuze, ndipo sindifufuza. Ntchito wataya chifukwa cha kalata yanga. Usatayenso china. Kuchokera kudepoti kufika kuno pali wometa, pali mpope, pali anyamata a pasiteji, ndipo onsewo adzafuna kukulandira ine ndisanakuone. Usaime. Usapite kuchipatala, usapite kwina kulikonse. Ubwere pageti. Ndidzakhala pomwepo pampando wanga kuyambira m'mawa, mlongo wako ali kudzanja langa lamanzere. Ngati uli ndi choti uphwanye, uyambire pa ine.

Kabotolo kaja ndakataya.

Nonse mubwere, ndi akazi anu, amuna anu ndi ana, ngakhale khoti litakana, ngakhale galaja itatsekedwa. Ngati apolisi atanditenge lisanafike tsikulo, mkulu wa galaja akhale pampandopo m'malo mwanga, ndipo asasunthe. Palibe amene adzaonetse dzanja lake kwa mnzake pakhomo pano, kupatula chisamba, kamodzi kokha, kwa mlongo wake.

Tikumana Loweruka, pa 14 Juni. Mufike basi ya masana isanalowe.

Bambo anu.